KODI NYUMBA NDI YA YANI?

Pa mudzi wa makolo funso limeneli silinali kubvuta munthu. Mwamuna akafuna kumanga nyumba anali kulowa m'thengo kukadula mitengo ndi kusenda luzi. Akazi anali kumweta udzu ndi kutunga madzi opondera dothi. Ndipo tsiku lokweza denga mudzi wonse unali kusonkhana, pakuti akulu anati mutu umodzi susenza denga. Nchito itatha anthu anali kumwa mowa umene a pa nyumbapo anafulula, ndipo mangawa onse anali kuthera pomwepo, cifukwa iye amene wathandizidwa lero ndiye anali kudzathandiza mnzace mawa. Nyumba yotere sinali kukhalitsa. Ciswe cinali kudya mitengo, mvula inali kuoletsa udzu, ndipo m'midzi yambiri ya Acewa mwini wace akamwalira nyumbayo inali kugwetsedwa. Inali kukula ndi munthu ndi kufa naye pamodzi, yosasiya mlandu m'mbuyo.

Nyumba ya njerwa njosiyana. Imatsala pamene woilamula, oimanga, ndi boma limene linaloleza kuti imangidwe onse anapita kale. Popeza imatsala, adzukulu amaipeza iri ciimire nayamba kufunsa mafunso amene agogo ao analibe mpata wofunsa: malowa anali a yani, njerwazi anaumba ndani, ndipo analandira ciani? Mafunso otere amalemera koposa pamene nyumbayo inamangidwa m'masiku a ulamuliro wa Azungu, pamene wolamula anali wa mtundu wina ndipo wonyamula dothi anali mwana wa dziko. Kuti nkhani isayende m'malere, nkwabwino kuiganizira pa nyumba imodzi yodziwika, imene mbiri yace inalembedwa ndipo makoma ace akali ciriri.

Nyumbayo iri m'dziko la Abemba, m'cigawo ca Muchinga, pakati pa Mpika ndi Chinsali. Munthu akapatuka pa mseu waukulu wopita ku Tanzania nalowera ca kumadzulo, amafika pa nyanja yaing'ono yozingidwa ndi mapiri, yochedwa Ishiba Ng'andu, ndiko kuti nyanja ya ng'ona yacifumu. Pakuti ng'ona ndiyo cizindikiro ca pfuko la Bena Ng'andu, kumene kumacokera Chitimukulu ndi mafumu ena akulu a Abemba. David Livingstone anadzera pa nyanja imeneyi m'caka ca 1867. Pafupi ndi nyanjayo pali njira yodutsa pakati pa mitengo italiitali ya bulugamu, timanyumba ta anchito tofoleredwa ndi matailosi, ndi cipata cokhala ndi nsanja ya koloko. Kupitirira apo, pa malo okwera, pali nyumba yaikulu yosanjikiza ya njerwa zofiira, yokhala ndi nsanja pakati, makomo okhota pamwamba ngati uta, bwalo lamkati, kacisi wopemphereramo, ndi cipinda cacikulu ca mabuku. Maonekedwe ace ngosakaniza mamangidwe a ku Italy ndi a nyumba za anthu olemera a kumidzi ya ku England. Imeneyi ndiyo Shiwa Ng'andu.

Woilingalira anali Stewart Gore-Browne, amene anabadwira ku London m'caka ca 1883. Anali msilikali, ndipo anafika m'dziko lino m'caka ca 1911 pamodzi ndi gulu la Angelezi ndi Abelijiyamu limene linali kulemba malire pakati pa Northern Rhodesia ndi Congo. Nchito yace itatha m'caka ca 1914, Abemba amene anali kumtumikira anamtsogolera kudzera kwao, ndipo ataona nyanjayo mtima wace unakhazikika pamenepo. Anagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni 2 pa ekala, ndiko kuti mapaundi 1,000 onse pamodzi. Wogulitsa anali boma la British South Africa Company, imene inalamulira dzikolo kufikira 1924. Nkhondo yaikulu yoyamba inamuitanira ku Ulaya, ndipo anabwerera m'caka ca 1920 kudzayamba nchito. Nyumba yaikulu inaima m'caka ca 1932, koma kuonjezera ndi kukonza kunapitirira kufikira zaka zotsiriza za m'ma 1950.

Wofuna kumvetsa kukula kwa nchitoyo ayenera kukumbukira kuti masiku amenewo njanji yapafupi inali ku Ndola, ulendo wa mailosi 400, wodutsa mitsinje ndi madambo, kopanda mseu weniweni. Cinthu ciri conse colemera cinayenera kupangidwa pamalo pomwepo. Anthu mazanamazana anakumba dothi, naliponda, naliika m'zikombole, nayanika njerwa pa dzuwa, nazisanja m'mauvuni, nadula nkhuni zoziochera usana ndi usiku. Matailosi a denga anaumbidwa m'njira yomweyo. Mitengo inagwetsedwa m'nkhalango ndi kucekedwa pa manja kuti patuluke matabwa a zitseko, mazenera ndi mitanda. Amuna amene makolo ao anali kumanga ndi mitengo ndi udzu anaphunzira kuyala njerwa molunjika ndi cingwe, ndi kumanga khomo lokhota limene njerwa zace zimagwirana zokha popanda mtanda pansi pace. Luso limeneli si lopepuka ai. Mmisiri akaphonya pang'ono pokha khomolo limagwa tsiku locotsa thabwa locirikiza. Koma makomo a pa Shiwa akhala zaka zoposa 90 osagwa. Zimene sizinatheke kupangidwa pamalopo, monga mabuku ndi zipangizo zina za m'nyumba, zinacokera kutali, ndipo mbali ina ya ulendo wao inali pa mitu ya amtengatenga.

Ndalama zolipirira zonsezi sizinaturuke m'nthaka ya Shiwa. Zambiri zinacokera kwa azakhali ace a mwini nyumba, Ethel Locke King, amene amuna ao anamanga bwalo lochuka la mpikisano wa magalimoto la Brooklands ku England m'caka ca 1907. Munda weniweniwo unabvuta kupindula. Gore-Browne anayesa kubzala maluwa ndi zitsamba zocezamo mafuta onunkhira, popeza mafuta otere ngopepuka kunyamula koma ngokwera mtengo. Zambiri zinakanika, ndipo zimene zinabvomera ndi mitengo ya mtundu wa mandimu ndi malalanje. Koma m'caka ca 1958 nthenda inagwira mitengoyo, malondawo nafa. Cotero nyumba yaikuluyi inaimira pa miyendo iwiri: cuma ca kutsidya kwa nyanja ndi manja a Abemba.

Nyumba iri yonse imanena za mtima wa woimanga, ngakhale iye asafune. Mamangidwe a Shiwa amaonetsa munthu amene thupi lace linali pakati pa Abemba koma maso ace anali kupenya ku Ulaya. Nyumba ya pa mudzi imayang'ana pa bwalo pamene pali anthu ena. Iyi inakwezedwa pa mtunda kuti ionedwe ndi onse ndi kuona onse. Woifuna ayenera kuyamba wadutsa nyumba za anchito, kenaka cipata, kenaka munda wa maluwa, ndipo pofika pa khomo amakhala atadziwa kale amene ali wamkulu ndi amene ali wamng'ono, popanda womuuza. Pamwamba pa khomo lalikulu pali caka ca 1932 pakati pa malemba awiri, L ndi S, oimira Lorna, mkazi amene anamkwatira m'caka ca 1927, ndi Stewart mwini wace. Malemba awiri okha pa nyumba imene inadya thukuta la anthu mazana. Ndipo ngakhale awiriwo nyumbayo sinawasunge pamodzi. Azakhali aja, amene iye anawayembekezera zaka zambiri kuti adzakhale naye, anamwalira m'caka ca 1956 osadzakhala naye. Ukwati unatha, mkazi nabwerera ku London.  Njerwa zingathe kumanga mpanda wa banja, koma banja lenilenilo sizilimanga.

Tsono nyumbayi ndi ya yani? Odandaula alipo atatu, ndipo yense ali ndi mau oyenera kumveka.

Woyamba ndiye mwini wa pa pepala. Omuimira amati: cipanda munthu ameneyu dothi lija likanakhala dothi kufikira lero, iye ndiye anaona nyumba pamene ena anaona thengo, anatayirapo cuma ndi moyo wace wonse, ndipo mafupa ace ali pomwepo. Mau amenewa ngoona, ndipo wowakana acita nsanje cabe. Koma pepala liri ndi mphamvu yolingana ndi ya iye amene analipereka. Kampani ija inagulitsa malo amene inawatenga ndi mphamvu, osati kuwalandira kwa makolo. Mwa mwambo wa Abemba, monganso wa Acewa, mfumu inali kuloleza munthu kulima ndi kumanga, koma nthaka sinali katundu wogulitsa ngati mbuzi. Pamene masheleni 2 pa ekala anali kulipidwa, wolandira sanali mdzukulu wa anthu amene anayamba kuwedza nsomba m'nyanja ija. Wogula angakhale anagula ndi mtima woyera, motsata lamulo la masikuwo. Koma lamulolo linalembedwa ndi mbali imodzi yokha, ndipo munthu wogula mbuzi kwa amene sanali mwini wace sakhala wopanda mlandu cifukwa cakuti analipira mtengo wonse.

Waciwiri ndiye mmisiri ndi wanchito. Ena amati iwowa alibe conena, pakuti analandira malipiro ao ndipo pangano linatha. Apa mpofunika kudekha. Pa mudzi mangawa a womanga nyumba anali kutha cifukwa onse anali ofanana, ndipo wothandizidwa anali kudzabweza thandizo lomwelo ndi manja ace. Pa Shiwa panalibe tsiku limene bwana akanabvula jekete kukaponda dothi la nyumba ya woumba njerwa. Ndiponso anthu sanali kufuna ndalama mwa kufuna kwao kokha: boma linaika msonkho wolipira ndi ndalama, ndipo wosalipira anali kulangidwa. Mwamuna wa ku Lubemba anali ndi njira ziwiri, kupita kutali ku migodi kapena kugwira nchito kwa Mzungu wapafupi, ndipo mtengo wa tsiku lace sanali kuuchula ndi iye. Nkoyenera kubvomera kuti kwa ambiri njira yaciwiriyi inali yopepukirapo. Audrey Richards, mai wophunzira amene anakhala pakati pa Abemba m'zaka za m'ma 1930, anaonetsa m'buku lace la 1939 kuti kucoka kwa amuna kunali kubweretsa njala m'midzi, popeza panasowa okwera m'mitengo kukasadza nthambi za munda wa citemene. Wogwira nchito pafupi ndi kwao anali kuona ana ace. Koma kusankha copepuka pakati pa zolemera ziwiri sikufanana ndi ufulu. Cotero malipiro analipira tsiku la munthu, koma sanagule dzina lace, kapena ulemu umene uyenera mmisiri pa cinthu cokongola cimene manja ace anapanga.

Wacitatu salankhula, ndiye dziko lenileni. Nyumba ya Shiwa, ngakhale iri ndi nkhope ya ku Ulaya, thupi lace lonse ndi la pomwepo. Kufiira kwa makoma ace ndiko kufiira kwa dothi la m'mbali mwa nyanja ija litapsa ndi moto wa nkhuni za m'mapiri omwewo. Palibe munthu angainyamule kupita nayo ku England. Mwini wace anali mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Nyumbayo ndi mbadwa.

Poyesa mau a atatuwa cimaoneka ncakuti liu lakuti mwini liri ndi matanthauzo oposa limodzi, ndipo cisokonezo cimadza pamene tanthauzo limodzi limeza ena onse. Pali umwini wa kiyi, wonena za amene atsegula ndi kutseka, amene alipira pokonza denga, ndi amene adzalandira nyumbayo ngati colowa. Umenewu malamulo a dziko anausiya m'manja mwa banja lija, ngakhale ufulu utabwera. Koma palinso umwini wa thukuta, umene sulembedwa ku ofesi ya malo ndipo sugulitsidwa. Mdzukulu wa woumba njerwa sangapite kukafuna cipinda, koma akaima pa bwalo nati, “Nyumba iyi anamanga ndi agogo anga,” wanena zoona zosacepa pa za iye wonena kuti, “Nyumba iyi inali ya agogo anga.” Colakwa ca masiku aja cinali cakuti mau aciwiriwa okha ndiwo anali kumveka.

Pali funso lina lobvuta koposa, lokhudza munthu mwini. Abemba anamucha Cipembere, cifukwa ukali wace unali wadzidzidzi ngati wa nyama ija, ndipo nzodziwika kuti anali kumenya anchito akamkwiyitsa. Munthu yemweyo anamanga cipatala ndi masukulu pa malo ace. Anali kubvala zobvala za ulemu pa cakudya ca madzulo monga mwa mwambo wa kwao, nakhazika anthu akuda pa tebulo lomwelo m'masiku amene m'matauni munthu wakuda anali kugula nyama pa zenera la kuseri. Analowa m'Bwalo la Malamulo m'caka ca 1935, ndipo kuyambira 1938 kufikira 1951 anali woimira zofuna za anthu a dziko lino, pakuti pa ciyambi panalibe munthu wakuda wololedwa kukhalamo. Anathandiza Harry Nkumbula kupita kukaphunzira ku Makerere. Koma m'caka ca 1948 anabweretsa maganizo a boma latsopano amene anthu anaona kuti adzapereka mphamvu kwa Azungu okhala m'dziko, ndipo ambiri amene anali kumkhulupirira anamfulatira. Pambuyo pace anatembenuka, natsutsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, nalowa cipani ca UNIP, naima pa cisankho ca 1962, kumene analephera cifukwa Azungu anzace anammana mavoti. Atamwalira ku Kasama m'caka ca 1967 anaikidwa ndi maliro a boma pa phiri loyang'ana nyanja ija, ndipo Kenneth Kaunda analankhula pa malirowo.

Anthu ofulumira amatenga njira imodzi mwa ziwiri. Ena amawerenga cipatala ndi masukulu, nati zabwino zacuruka, mlandu watha. Ena amawerenga ndodo ndi maekala, nati zonse zinali cinyengo. Onsewa amayesa moyo wa munthu ngati cimanga pa sikelo, ngati kuti thumba la zabwino lingafafanize thumba la zoipa. Koma munthu amene anamenyedwa Lolemba sanaleke kumva kuwawa cifukwa mwana wa mnzace anaciritsidwa Laciwiri; ndipo mwana wociritsidwayo anaciradi, ngakhale womanga cipatala anali waukali. Zonse ziwiri zinacitika, ndipo ziri zonse zinagwera munthu wace.

Cimene cingathandize apa ndico kusiyanitsa cifundo ndi cilungamo. Cifundo cimacokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo wopatsa akatopa kapena akakwiya cimaleka. Cilungamo ndi cimene munthu amalandira cifukwa ndi cace, popanda kuomba m'manja. Cipatala ca pa munda wa bwana wokoma mtima ndi cifundo; cimathandiza ndithu, koma cimasiya bwana ali bwana ndi wodwala ali wopempha. Wokwera pa msana pa njobvu angathe kuponyera mkanjo iwo oyenda m'mame, koma iye ali pamwamba pomwepo. Ngati pali cinthu cimene cinakweza Gore-Browne pamwamba pa Azungu ambiri a nthawi yace, si njerwa kapena mankhwala ai, koma kuti atakalamba anabvomera kutsika pa njobvu paja. Anathandiza kugwetsa ulamuliro womwe unamgulitsa malo ndi kumpatsa anchito, nabvomera kulamulidwa ndi ana a anthu amene kale anali kumnyamulira katundu. Kupatsa nkosabvuta kwa munthu wolemera; cobvuta ndico kuleka kukhala wopatsa yekha. Ici sicifafaniza ndodo ija, koma cionetsa kuti munthu angathe kukula kuposa nyumba imene anamanga.

Nanga nyumba yotere iyenera kusungidwa, kapena kusiyidwa kuti igwe? Funsoli silinakhale la m'maganizo cabe. Mwini wace atamwalira malowo anatsala m'manja mwa mwana wace wamkazi ndi mwamuna wace. Awiriwa anaphedwa ndi acifwamba m'caka ca 1992, ndipo nyumbayo inayamba kuonongeka, denga likudontha ndi makoma akunyowa. Patapita zaka, mdzukulu wina anabwerera naikonzanso, natsegula zitseko kuti alendo aione. Alipo amene amati kukonzako nkutamanda ulamuliro umene unapita, ndipo kuti bwenzi ciswe ndi mvula zinatsiriza nchito yao monga zinali kucitira ndi nyumba za makolo. Mkwiyo wao uli ndi pocokera. Koma wogwetsa nyumbayi ayambe wafunsa cimene agwetsa. Maloto a Mngelezi uja ali m'makalata ndi m'mabuku, ndipo sangagwe. Cimene cingagwe ndi nchito ya amisiri aja, amene sanasiye kalata kapena cithunzi, koma makoma okhawa. Kuigwetsa ndiko kuwafafaniza kaciwiri. Ndiponso mlandu suola, koma umasowa pogwira mboni ikafa. Mwana wa sukulu amene wayenda ndi mapazi ace kucokera pa timanyumba ta anchito kukafika pa khomo lalikulu waphunzira za masiku aja zimene buku silingamuuze.

Komabe kusunga kokha sikukwanira, pakuti mboni ingathe kuphunzitsidwa kunena mbali imodzi. Nyumba yotere ikasungidwa kuti alendo azingosirira mabuku ndi mipando ya bwana, osamva za msonkho, za mauvuni, ndi za mitu imene inasenza katundu wa ku Ndola, ndiye kuti malemba awiri aja apambananso. Woonetsa alendo ayenera kunena mbiri yonse, yokoma ndi yowawa yomwe. M'midzi yozungulira nyanja ija muli adzukulu a amisiri aja. Maina amene akali kukumbukika ayenera kufunsidwa ndi kulembedwa nkhalamba zisanathe, ndi kuikidwa poonekera. Iyi si nchito ya banja lokhalamo lokha ai; ndi ya aphunzitsi, mafumu, ndi onse osunga mbiri ya dziko.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali ndi ya kale, koma iri pafupi ndi munthu ali yense amene wayamba kuona ndalama. Ulamuliro wa Azungu unatha m'caka ca 1964, koma mamangidwe ace sanakwere nao sitima. M'matauni a dziko lino mwana wa dziko akalemera amamanga nyumba yaikulu kutsogolo, nazinga mpanda wautali, naika kacipinda ka wanchito kuseri pafupi ndi dzala, monga momwe anaonera kwa amene anamtsogolera. Kalaliki, mphunzitsi ndi wamalonda onse amalota nyumba ya njerwa, ndipo malotowo si oipa. Munthu ayenera kufuna pogona pabwino pa ana ace. Koma pali amisiri ambiri amene amanga nyumba za anthu a mtundu wao nayenda miyezi akulondola malipiro, akumva kuti bwerani mawa. Pali malo a mudzi amene agulidwa usiku kwa munthu amene analibe mphamvu yowagulitsa, pepala nkukhala labwinobwino. Wodzudzula Cipembere ndi pakamwa pamene iye mwini acita zotere sanadane ndi ulamuliro uja. Anangodana ndi kuti wokhala pa mpando sanali iye.

Cifukwa cace funso lakuti nyumba ndi ya yani liyenera kufunsidwa maziko asanakumbidwe, osayembekezera adzukulu. Womanga adziwe bwino amene anali kulima pa malopo ndi m'mene anacokerapo. Apangane mtengo ndi mmisiri ngati munthu ndi mnzace, naupereke pa tsiku lace. Ndipo tsiku lolowa m'nyumba asaiwale kuitana iwo amene anakwera pa denga, monga anali kucitira makolo ndi mtsuko wa mowa uja. Njerwa youmbidwa pa manja kawirikawiri imasunga cidindo ca cala ca woiumba, ndipo moto ukaiocha cidindoco sicicokanso. Cimabisika m'kati mwa khoma, pansi pa laimu ndi utoto, zaka makumimakumi. Mwini kiyi angasinthe kawiri kapena katatu, boma lingasinthe, dzina la dziko lomwe lingasinthe, monga zinacitikira pa Shiwa Ng'andu. Koma tsiku limene khoma lidzang'ambika, wokonza adzapeza cala cija ciri pomwepo.